Antivirus ya "moyo wonse" imeneyo musalipire, asisi

Asisi, ndalamazo zibwezereni m'chikwama msanga. Mwati mnyamata wokonza makompyuta akufuna kukuikirani antivirus ya "moyo wonse" pamtengo wozizira kuti laputopu ya ana itetezeke? Ndangowerenga, mtima wanga wayamba kuthamanga, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandigwetsa m'mavuto. Makampani odziwika monga Norton, Kaspersky, Bitdefender ndi ESET amagulitsa chilolezo cha chaka kapena zaka zingapo, chikatha mumalipiranso. Yomwe akukuuzaniyo ndi yobedwa, aja amati crack, ndipo zinthu zoipa zimabwera zitabisala m'menemo.

Yanga inali laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, alamu anandibweretsera kuchokera ku Joni. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina m'tauni kuti andiikire Word ndi Excel, poti ndine mlembi wa banki mkhonde kwathu kuno. Akuika zinthu zakezo, kompyuta inkangotulutsa chenjezo lofiira. Iye anandiuza kuti "Mayi, izi n'zachabechabe, Defender imeneyi imangosokosa ndiponso imadya bandulo." Defender ndi antivirus yobwera kale ndi Windows, koma anaizimitsa ine ndikuona. Anatsekanso ma update. Anaika antivirus yakeyo, ine n'kulipira, n'kuthokoza.

Zinadzaphulika mu Disembala, sabata yogawana ndalama za chaka chonse. Usiku ndikuwerengera masheya, panatuluka kabokosi kooneka ngati Windows ikuchita update. Laputopu inayamba kulemera, fani ikulira kwambiri. Ndinaisiya ili choyaka n'kukagona, fulashi ili chibayire. M'mawa ndikutsegula, mafayilo onse asanduka oyera mbee. Dzina lililonse lawonjezeredwa zilembo zinayi zachilendo kumapeto. Ndidina buku la ngongole, likukana. Ndidina la masheya, likukana. Ndinati ndithamangire kufulashi komwe ndinkasungako zonse kachiwiri, nakonso chimodzimodzi, poti inagona ili m'kati. Miyendo inazizira, ndinangokhala pansi pasimenti ndi chitenje chogonera. M'mafodamo munali kakalata kotchedwa _readme.txt, kachingerezi kaulemu ndithu, kakuti ndisade nkhawa, mafayilo anga atha kubwerera ndikalipira madola 980, koma ndikawalembera pasanathe maola 72 andichotsera theka, ndilipire 490. Ine wogulitsa mandasi ndi mafiriziyesi, madola amenewo ndikanawatenga kuti?

Buku la banki linali vuto lalikulu, koma chomwe chinandiliza ndi zithunzi. Za chinkhoswe changa, za ana ali makanda, ndi za malemu mayi anga. Munali kavidiyo kamodzi kokha komwe amayi ankayimba nyimbo ya Mvano atakhala pakhonde, akusenda chinangwa, akuseka kuti ndichotse foniyo. Foni yomwe ndinajambulira inabedwa kalekale mu minibasi. Kavidiyo kameneko kanali pa laputopu pokha. Mpaka lero fayiloyo ndili nayo, ndimaiona dzina lake ndi kukula kwake, koma siitseguka.

Tsiku logawana litafika ndinaima pamaso pa azimayi anzanga kunena kuti kaundula wapita. Mukudziwa m'mene nkhani za ndalama zimakhalira. Wina anafunsa mokweza kuti vayirasi yakeyo imadziwa bwanji kubwera sabata yogawana. Tinachita kutolera timabuku ta aliyense ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba kuti tiyambirenso kuwerengera, ndipo ena mpaka pano amandipatsa moni wa pamwamba chabe. Ngati izo sizinakwane, Facebook yanga inalandidwa sabata yomweyo, munthu n'kumalembera abale anga kuti ndagonekedwa m'chipatala, atumize thandizo. Azakhali anga a ku Dedza anatumizadi.

Tsono mnyamata uja! Nditabwerera kwa iye sanachite ngakhale manyazi. Anati ana anga ndi amene anadawuniloda magemu. Ana ake ati, poti laputopuyo inkakhala yokhomeredwa m'kabati? Kenako akuti ndimupatse ina ya kufomata. Munthu wazimitsa chitetezo ndi manja ake, ndalama walandira, lero afuna kudyanso pa tsoka lomwelo. Anthu amenewa amadalira kuti ife sitidziwa kanthu, amangotchula mawu akuluakulu achingerezi ife n'kumangovomera. Zimandiwawa kuti adakali pamalo pomwepo, akuikira anthu ena zomwezo.

Amene anandiuza zoona ndi mphwake wa amuna anga, amaphunzitsa zamakompyuta. Anati vayirasiyo ndi yokhoma mafayilo n'kufuna dipo, aja amati ransomware, dzina lake ndi STOP kapena Djvu, ndipo njira yake yaikulu yofalikira ndi mapulogalamu obedwa omwewa. Kabokosi ka update kaja kanali kabodza, kongondipusitsa pomwe mafayilo akukhomedwa. Nthawi zambiri imabweranso ndi kachilombo kena koba mapasiwedi osungidwa mu Chrome, n'chifukwa chake Facebook inapita. Anayesa chida chaulere chotsegulira mafayilo okhomedwa cha kampani ya Emsisoft, anayang'ananso pa No More Ransom, tsamba lomwe apolisi a Europol ndi a ku Netherlands anakhazikitsa mu 2016 mogwirizana ndi makampani achitetezo. Zinakanika, chifukwa laputopu inali pa intaneti nthawi yomwe zinkachitika, ndiye kiyi yotsegulira mafayilo anga inali yangayanga, ili m'manja mwa akubawo.

Ndiye mverani. Ngati laputopu yanu ili ndi Windows 10 kapena 11, antivirus muli nayo kale, Microsoft Defender, yaulere, ndipo a AV-TEST a ku Germany omwe amayesa zinthuzi amaipatsa mamalikisi abwino. Lembani Windows Security pamalo ofufuzira, muone ngati zonse zili zobiriwira. Mukalowa pa Ransomware protection mupeza Controlled folder access, yatsani, imaletsa mapulogalamu osadziwika kusintha zithunzi ndi zikalata zanu. Ma update musatseke ngakhale bandulo ikuwawa, dikirani ya usiku kapena pitani nayo komwe kuli Wi-Fi. Vayirasi ya WannaCry ija inasokoneza zipatala za ku Britain mu Meyi 2017 inalowera pabowo lomwe Microsoft inali itatseka kale mu Malichi, inagwira omwe sanachite update. Ngati muli pa Windows 7, Microsoft inasiya kuisamala mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025, choncho funsani ngati makina anu angalandire 11. Za Word musavutike n'zobedwa, LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Zaulere zinazi muzisamala nazo. Avast analipitsidwa chindapusa cha madola 16.5 miliyoni ku America mu 2024 chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba omwe anthu ankatsegula. McAfee kapena Norton yobwera kale m'laputopu yatsopano nthawi zambiri imakhala yongolawitsa, ikatha imangokuopsezani kuti mulipire, ichotseni Defender idzuke. Musaike ma antivirus akuluakulu awiri pamodzi, amalimbana ndipo kompyuta imakwawa. Antivirus ya Smadav anthu amaikonda chifukwa cha vayirasi ya shortcut ija timaitenga kumalo osindikizira mapepala, koma payokha siikwanira.

Komabe ndisakunamizeni, ine ndinagula yolipira. Defender ndi yokwana, inde, koma ine tulo sindingagone ndi chinthu chomwe munthu anangochizimitsa ndi chala chimodzi pamaso panga. Alamu omwe aja anandilipirira Bitdefender ndi khadi lawo la ku South Africa, poti kuno kulipira m'madola ndi nkhani ina, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023. Ngati muli ndi m'bale kunja, gulani ya makompyuta atatu kapena asanu mugawane ndi abale, imatsika mtengo. Gulani patsamba la kampani yeniyeniyo, osati makiyi ogulitsidwa pa WhatsApp, ndipo muuze wolipirayo atseke zoti izidzidula yokha chaka chamawa, chifukwa mtengo wa chaka chachiwiri umakonda kukwera.

Fulashi inandikhumudwitsa, komabe gulani ina yoti isamapite kwina kulikonse. Kopani zithunzi, izuleni nthawi yomweyo, ikani m'sutikesi. Google Drive imapereka 15 GB yaulere, zithunzi za makolo anu ziikeni kumeneko lero lomwe, bandulo yake musaiwerengere. Ana atsegulireni akaunti yawoyawo yopanda mphamvu za administrator kuti asamaike zinthu mwachisawawa. Ndipo ngati mnyamatayo wagwirapo kale laputopuyo, sinthani mapasiwedi a Facebook ndi Gmail kudzera pafoni, osati pa laputopu yomweyo, muyatsenso zija zotumiza nambala yotsimikizira. Jambulani tsamba la Windows Security muponye muno tione ngati sanazimitse kanthu.