Giya yachiwiri ikakukuta: yankho kwa mwini Land Rover Series III

Owerenga wina wa ku Dedza wandilembera imelo yofotokoza vuto la galimoto yake, Land Rover Series III ya chaka cha 1978. Akuti m'mamawa kukazizira giya yachiwiri imakukuta polowa, rivesi nayo imachita phokoso, ndipo akamatsika msewu wa Khwekhwerere giya yachitatu imatuluka yokha. Makaniko wina adamuthirira oyilo wa 85W-140 GL-5 ponena kuti oyilo wolimba ndiye woyenera galimoto yokalamba, koma zinthu sizidasinthe. Funso lake ndi lakuti athire oyilo uti kuti vutoli lithe.

Bambo, zikomo polemba mwatsatanetsatane. Ndiyambe ndi kukuuzani mosabisa kuti mwatchula matenda atatu osiyana, ndipo ndi amodzi okha mwa atatuwo amene oyilo angawathandize. Musanagule oyilo wina, yambani mwayesa kilatchi, chifukwa kuyesako sikulira ndalama.

Chimene chikundikayikitsa ndi phokoso la rivesi. Series III, yomwe idapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ili ndi synchro, kachipangizo kofananitsa liwiro la magiya kuti alowe osakukuta, pa magiya onse anayi opita kutsogolo, kusiyana ndi Series IIA imene inali nayo pa yachitatu ndi yachinayi pokha, koma rivesi ilibe synchro. Choncho rivesi sibisa kanthu: ngati kilatchi sikulekanitsa injini ndi giyabokosi kotheratu, mano amakumana akuzungulirabe ndipo mumamva kukukuta. Imikani galimoto injini itatentha, pondani kilatchi mpaka pansi, dikirani masekondi asanu, kenaka lowetsani rivesi pang'onopang'ono. Ikakukutabe, zimitsani injini ndi kuyesanso magiya onse. Akamalowa bwino injini itazima, nkumavuta injini ikulira, vuto lili pa kilatchi. Ndipo mukaona kuti kupopa chopondera kawiri kapena katatu kukuthandiza, dziwani kuti m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mphira za master cylinder kapena slave cylinder, timapampu toyendetsa kilatchi, zatha. Kutulutsa mpweyawo ndi kusintha mphirazo ndi ntchito ya tsiku limodzi, pamene kutsitsa giyabokosi ya Land Rover kumafuna kuchotsa mipando ndi zitsulo za pansi pa mapazi.

Tsopano nkhani ya oyilo, imene mwafunsa kwenikweni. Synchro imagwira ntchito mwa kukhulana. Mukakankha handulo, kamphete ka mkuwa kamakanikizidwa pa chitsulo chosongoka cha giya imene mukufuna, kamafinya oyilo amene ali pakati, ndi kugwira giyayo kuti liwiro lake lifanane ndi la shafiti, mano asanalumane. Oyilo akakhala wolimba kwambiri, monga 85W-140 m'mamawa wa Juni ku Dedza, kampheteko kamachedwa kumufinya, ndipo dzanja lanu limafika mano asanakonzeke. Oyilo akakhala woterera kwambiri, kamphete sikagwira bwino. Apa ndi pamene zilembo za GL zimalowera. GL-4 ndi GL-5 ndi magulu a bungwe la za mafuta la ku America la API a oyilo wa ntchito zosiyana, ndipo GL-5 si GL-4 wokonzedwa bwino monga ambiri amaganizira poona nambala yokulirapo. GL-5 adapangidwira ma difu, momwe mano amatsetserekana mopanikizika kwambiri, ndipo amakhala ndi mankhwala ochuluka a sulfure ndi phosphorus. Mankhwala amenewa amateteza chitsulo, koma oyilo akatentha angathe kudya mkuwa, umene uli m'timphete ndi m'mabushi a giyabokosi yanu. Ndi zoona kuti opanga oyilo ena masiku ano amasakaniza GL-5 wosawononga mkuwa ndipo amalemba pa botolo GL-4 ndi GL-5 pamodzi, komabe ine sindiona chifukwa choyesera mwayi pamene oyilo woyenera akupezeka.

Giyabokosi yanu imafuna oyilo wa magiya wa EP90, ndipo musankhe wa GL-4. 80W-90 GL-4 ndi wabwino ndithu ndipo amafewa msanga kukazizira. Imalowa pafupifupi lita imodzi ndi theka, pamene transfer box, bokosi logawa mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, imalowa pafupifupi malita awiri ndi theka. Musatengere malangizo a mnzanu amene ali ndi galimoto ina yakale, chifukwa mafakitale adasiyana maganizo kwambiri pa nkhaniyi. MGB ndi Morris Minor zimathiridwa oyilo wa injini wa 20W-50 m'giyabokosi, Mini yakale imagwiritsa oyilo mmodzi yemweyo m'injini ndi m'magiya, ndipo giyabokosi ya LT77 ya Land Rover zimene zidabwera pambuyo pa yanu inkathiridwa ATF, oyilo wofiira uja wa galimoto za otomatiki. Komanso manambala asakusokonezeni: kuyeza kwa oyilo wa magiya n'kosiyana ndi kwa oyilo wa injini, moti SAE 90 wa magiya kulimba kwake kumafanana ndi oyilo wa injini wa 40 kapena 50.

Pokhetsa oyilo wakaleyo, yambani mwamasula chotsekera chothirira cha m'mbali musanamasule chapansi, kuopa kukhetsa oyilo yense kenaka nkupeza kuti pothirira padachita dzimbiri. Mukhetsereni m'beseni loyera ali wofunda, ndipo mumuyang'ane padzuwa. Akamanyezimira ngati muli fumbi la golide, ndiye kuti timphete ta mkuwa tikudyeka. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mudalowa madzi, mwina powoloka mtsinje. Tizidutswa ta chitsulo tomveka pakati pa zala ndi uthenga woipa. Thirani watsopano galimoto itaima pamalo athyathyathya mpaka ayambe kudontha pabowo. Muonenso transfer box: pa galimoto zimenezi, silo (mphira yotsekera oyilo) ya pakati pa mabokosi awiriwa ikatha, oyilo amasamuka kuchoka m'giyabokosi kupita mu transfer box, kotero kuti pansi sipaoneka dontho koma giyabokosi ikuuma.

Mukatero yendani nayo sabata imodzi. Ngati yachiwiri ikukukutabe ngakhale oyilo atatentha, yesani kuponda kilatchi kawiri: tulutsani giya, siyani kilatchi handulo ili pakati, kwezani injini pang'ono ngati mukuchoka pa yachitatu, pondaninso ndi kulowetsa. Ikalowa mwakachetechete mwa njira imeneyi, synchro yatha, ndipo palibe oyilo amene angabwezeretse mkuwa wodyeka. Madalaivala a malole akale ankayendetsa chonchi moyo wawo wonse, kotero mukhoza kuyenda nayo miyezi yambiri mukusonkhanitsa ndalama.

Chimene sindingakuloleni kuchedwa nacho ndi kutuluka kwa giya yachitatu potsika. Pa Khwekhwerere injini ndiyo imagwira galimoto, ndipo giya ikatuluka katundu yense amagwera pa mabuleki a dramu, amene satenga nthawi kutentha. Uzani makaniko ayambe ndi zotchipa: mphira zogwira injini ndi giyabokosi, ndi timasipulingi ndi timipira tachitsulo togwira ndodo zosankhira magiya, timene timafikika kuchokera pamwamba. Aonenso nati wa kumapeto kwa shafiti yaikulu ngati sadamasuke. Zonsezi zikapezeka zili bwino, ndiye kuti mano olumana kapena foloko yokankha giya zadyeka, ndipo giyabokosi iyenera kutsika musanatsikenso phiri limenelo ndi katundu.