Kodi chilolezo cha amfumu n'chokwanira?

Funso: Pa kafukufuku wanga ndikufuna kucheza ndi alimi a fodya a kwa Chamama, ku Kasungu, za ngongole zawo. Amfumu andilola. Ndiyambe kujambula mawu? (Wophunzira)

Yankho: Musayambe. Amfumu amangokutsegulirani mudzi, koma mlimi aliyense avomere yekha. Muwerengereni chikalata cha chilolezo m'Chichewa, adziwe kuti akhoza kukana kapena kulekeza panjira. Wosatha kulemba adinde chala pamaso pa mboni, ndipo zojambula mawu mupemphe padera.

Za ngongole musamufunse mlimi pamene mlangizi wa kampani ya fodya ali pomwepo, adzayankha zokomera iyeyo. Polemba, ikani nambala m'malo mwa dzina. Chotsaninso zomuzindikiritsa, pakuti m'mudzi "mayi wamasiye wa ngolo ziwiri" amadziwika ndi aliyense. Kenako bwererani mukamuwerengere zomwe mwalemba, akonze pomwe simunamvetse.