Funsani otsogoleredwa, osati mabwana okha

Achemwali, pa kafukufuku wanu wa utsogoleri m'mahotela, mafunso akafike kwa anthu amene amatsogoleredwawo: operekera zakudya, okonza m'zipinda, ophika ndi olandira alendo. Ndikukulangizaninso kugwiritsa ntchito MLQ, mndandanda wa mafunso umene anakonza Bernard Bass ndi Bruce Avolio, chifukwa umasiyanitsa bwana wolimbikitsa anthu ake ndi kuwakulitsa luso, bwana wodalira mphotho ndi chidzudzulo, komanso bwana wongolekerera zinthu. Kusiyanitsa mitundu iwiri yoyambayo kunachokera kwa James MacGregor Burns mu 1978.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinalakwitsapo. Pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja ndinasiyira manijala mapepala kuti agawire antchito, ndipo onse anabwera oyamikira zokhazokha, pakuti munthu waganyu amene akuopa kuchotsedwa alendo akachepa sangadzudzule bwana papepala lodzera m'manja mwa bwanayo. Nditabwerera n'kumawapeza ndekha pa nthawi yosinthana ntchito, popanda kulemba maina awo, mayankho anasintha kwambiri. Musaiwale ogwira usiku, poti ambiri a iwo manijala wamkulu samuona n'komwe, ndipo utsogoleri umene amaudziwa ndi wa kapitawo wawo.

MLQ ili ndi eni ake, choncho pamafunika chilolezo. Musanaimasulire m'Chichewa, kambiranani ndi mphunzitsi amene akukuyang'anirani, ndipo katswiri wa masamu a kafukufuku akuuzeni chiwerengero cha anthu oyenera kufunsidwa. Musakafunse aliyense komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa ku yunivesite yanu isanavomereze.