Funsani adokotala: N'chifukwa chiyani odwala khansa sasiya kafukufuku wa mankhwala atsopano?

Achemwali anga ali ku Manchester ndipo ali ndi khansa ya m'matumbo yomwe yafika ku chiwindi. Kemo ya mitundu iwiri yakanika. Pano ali pa kafukufuku wa gawo loyamba, akutsegula m'mimba, awonda, koma zosiya sakufuna kumva. Madokotala awo anawauza okha kuti mwina sapindula. Akukakamiriranji? — Mayi wa ku Zomba

Mayi, tiyambe ndi chimene achemwali anu alowamo. Kafukufuku wa gawo loyamba sakhazikitsidwa kuti achiritse munthu. Ntchito yake ndi kupeza mlingo wa mankhwala umene thupi lingapirire. Amatenga anthu ochepa, kawirikawiri makumi angapo, ndipo pa khansa amatenga odwala amene mankhwala odziwika awakanika, chifukwa mankhwalawa ndi aukali kwambiri moti sangaperekedwe kwa munthu wabwinobwino.

Njira yakale imene ambiri akuitsatirabe imatchedwa 3+3. Odwala atatu amalandira mlingo wochepa, n'kuyang'aniridwa kwa masiku 21 kapena 28. Ngati palibe amene wavutika kwambiri, atatu otsatira amalandira mlingo wokwererapo. Mmodzi akavutika, amawonjezera atatu ena pa mlingo womwewo. Awiri akavutika, kukweza kumathera pomwepo, ndipo mlingo wam'munsi mwake ndi umene umatengedwa. Ndiye kuti wolowa koyambirira akhoza kulandira mankhwala ochepa moti sangakhudze chotupa, pamene wolowa kumapeto akhoza kulandira oposa mphamvu zake. Funsani kuti achemwali anu ali m'gulu liti.

Tsono chimene chimawasunga odwala ndi chiyembekezo choti mankhwalawo awagwirira ntchito iwowo. Mu 1995 madokotala a ku Chicago anafunsa odwala a m'kafukufuku wotere, ndipo 85 pa 100 alionse anati analowa pofuna kupeza bwino. Mmodzi yekha mwa atatu ndi amene anatha kunena kuti cholinga chinali kupeza mlingo. Ena amasokonezadi kafukufuku ndi chithandizo. Koma pali ambiri amene amamvetsa bwinobwino, n'kumati: “Ndamva kuti ndi mmodzi mwa khumi, mmodziyo akhoza kukhala ine.” Ameneyu sanapusitsidwe, wachita kusankha.

Pali zinanso zimene achibale saziona. Wodwala wa m'kafukufuku amaonedwa pafupifupi sabata iliyonse, amayezedwa magazi pafupipafupi, amakhala ndi namwino womudziwa dzina ndi nambala yoimba usiku. Kwa munthu amene anauzidwa kuti “palibenso china”, kukhala ndi tsiku lobwerera kuchipatala ndi chinthu chachikulu. Ena amakhalabe poopa kukhumudwitsa dokotala amene anawamenyera nkhondo kuti apeze malo, ena poopa kuti ana awo aziti amayi agonja. Zothandiza odwala am'tsogolo amazitchula ndithu, koma kawirikawiri zimabwera pambuyo pa zinazi.

Kodi kumeneku si kusandutsa anthu mbewa zoyeserapo mankhwala? Ndi angati amachira, ndi angati amafa? — Bambo wa ku Kasungu

Bambo, mawu akuti “kuchira” tiwaike pambali kaye, chifukwa ofufuza sawerenga ochira. Amawerenga amene zotupa zawo zaphwa ndi 30 peresenti kapena kuposa pa chithunzi cha CT (makina ojambula m'kati mwa thupi), ndipo kuphwako kukhoza kukhala kwa miyezi yowerengeka chabe.

Mu 2005 anaunika makafukufuku 460 a gawo loyamba a bungwe la National Cancer Institute ku America, a pakati pa 1991 ndi 2002, omwe munali odwala 11,935. Zotupa zinaphwa mwa anthu pafupifupi 11 pa 100 alionse. Pamene ankayesa mankhwala amodzi atsopano a kemo paokha, anali 4 okha pa 100. Omwalira chifukwa cha mankhwalawo anali pafupifupi mmodzi pa 200. Kuunika kwina kwa 2022 kunapeza kuti pakati pa 2013 ndi 2019 opindula anafika 18 pa 100, ndipo imfa zobwera ndi mankhwala zinakhalabe pansi pa mmodzi pa 100.

Kukweraku kwabwera, mwa zina, chifukwa masiku ano odwala ambiri amasankhidwa potengera mtundu wa kusokonekera kwa majini m'chotupa chawo, ndipo mankhwalawo amakhala opangidwira kusokonekera komweko. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi imatinib, amene Brian Druker anayamba kuyesa mu 1998 pa khansa ya m'magazi yotchedwa CML: mwa odwala 54 amene analandira mamiligalamu 300 kapena kuposa, 53 magazi awo anabwerera m'malo mwake. Pembrolizumab anavomerezedwa ku America mu 2014 pa khansa ya pakhungu ya melanoma potengera zotsatira za gawo loyamba. Nkhani zimenezi n'zoona, koma n'zosowa, ndipo dokotala amene amazitchula osatchula odwala 82 pa 100 amene sanapindule aja sakukuuzani zonse.

Kusiyana ndi mbewa kuli apa: munthu amawerenga fomu, amafunsa, amavomera kapena kukana, ndipo akhoza kutuluka tsiku lililonse osapereka chifukwa komanso osataya chithandizo chake cha masiku onse. Ufulu umenewu uli m'chikalata cha Helsinki cha 1964, chimene chimalamulira kafukufuku wa pa anthu.

Amuna anga ali pa kafukufuku ku Johannesburg. Akumva dzanzi m'mapazi ndipo dzana anatentha thupi, koma andiletsa kuuza anamwino poopa kuchotsedwa. Ndichite chiyani? — Wowerenga wa ku Johannesburg

Imbirani foni anamwinowo lero, mayi, ndipo auzeni bambo kuti mukuimba. Kutentha thupi kofika madigiri 38 kwa munthu amene ali pa mankhwala a khansa si kodikira m'mawa. Mankhwalawa amatha kugwetsa maselo oyera a magazi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni kemo, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi nthawi imeneyo munthu amatha kufa m'maola owerengeka. Musawapatse panado musanaimbe, chifukwa amabisa kutenthako. Ngati ali pa mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi, kutsegula m'mimba, chifuwa chouma kapena phuma zikhoza kutanthauza kuti chitetezocho chayamba kulimbana ndi matumbo kapena mapapo awo. Zikagwidwa msanga zimamva mankhwala a steroid. Zikachedwa zimafuna kugonekedwa.

Kubisa kotereku n'kofala, ndipo mantha ake ndi olakwika. Mavuto amaikidwa m'magiredi kuyambira 1 mpaka 5. Pa giredi 1 kapena 2, kawirikawiri amangopereka mankhwala oletsa vutolo, kapena kuimitsa kwa sabata imodzi, kapena kutsitsa mlingo. Amene amachotsedwa nthawi zambiri ndi amene wafika pa giredi 3 kapena 4, ndipo njira yachidule yofikira pamenepo ndi kukhala chete pa giredi 1. Dzanzilo ndi mitsempha ikuwonongeka, ndipo likakula silibwerera msanga, mwinanso osabwerera n'komwe.

Ngati kafukufukuyu ndi wa njira ya 3+3 ija, palinso odwala atatu otsatira amene akudikira pamzere. Bambo akabisa, ofufuza alemba kuti mlingowu ndi wabwino n'kuukweza.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti nthawi yosiya yakwana? Kodi zoterezi zimachitikanso kuno kwathu? — Mphunzitsi wa ku Mchinji

Nthawi zambiri kafukufuku ndi amene amamusiya munthu. CT imajambulidwa pakatha masabata 6 kapena 8 alionse, ndipo zotupa zikakula ndi 20 peresenti, kapena pakatuluka chatsopano, mankhwala amaimitsidwa. Ambiri amapempha kafukufuku wina, koma ayenera kudikira pafupifupi masabata anayi kuti mankhwala oyamba achoke m'thupi, ndipo ayenera kukhala oyenda okha, chiwindi ndi impso zikugwira ntchito.

Ife timalangiza kuti banja lisadikire CT yokha. Lembani m'kope masiku amene wodwala wakhala kuchipatala kapena pabedi, ndi masiku amene wachita zimene amakonda. Muoneninso sikelo, ndi albumin ya m'magazi: albumin (puloteni yopangidwa ndi chiwindi) ikatsika pansi pa 35, LDH (chinthu chinanso chimene amayeza m'magazi) ikakwera, khansa ili m'ziwalo zoposa ziwiri, mwayi wopindula umakhala utachepa kwambiri. Chisamaliro chochepetsa ululu chiyambe limodzi ndi kafukufuku, si chodikira kuti atuluke.

Ku Malawi, makafukufuku a khansa amene achitika kwambiri ndi a magawo apatsogolo, oyerekeza mankhwala odziwika kale. Odwala a kuno analowa nawo m'kafukufuku wa Kaposi sarcoma, khansa yooneka kwambiri pakhungu, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, zoonetsa kuti mankhwala a kemo otchedwa paclitaxel amaposa etoposide wakumwa komanso bleomycin wophatikiza ndi vincristine. Kafukufuku aliyense wa mankhwala ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa m'kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, komanso bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA. Wina akakupemphani ndalama kuti mulowe, kapena akakukanizani kutenga fomu kupita nayo kunyumba kukawerenga ndi abale, musasaine.