Mvula ikangogunda pa malata, amuna anga amasanduka munthu wina

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndakhala pa banja zaka 11. Mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, tinkachita lendi ku Chilobwe. Napolo atatsika m'phiri la Soche ife tinapulumuka, koma mchemwali wa amuna anga anapita pamodzi ndi kamwana kake. Bambo a kunyumbawa anatha masiku atatu akufukula matope ndi khasu, ndipo anawapeza ndi iwowo.

Chichokereni pamenepo si munthu uja ndinakwatiwa naye. Tinasamuka, koma mvula ikangogunda pa malata amadzuka n'kukakhala pakhomo mpaka mbandakucha. Amabwebweta kutulo, n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu. Anayamba kachasu. Ana akangosokosa pang'ono, ukali wake ngati wina waswa galasi. Za kuchipinda ndiye musanene. Apongozi akuti analodzedwa, anzanga akuti ali ndi chibwenzi. Ankhoswe abwera kawiri, iwo amangoti "mkazi wanga sanandilakwire," basi n'kuwerama. Ndipirire, kapena ndizipita kwathu?

Wothedwa nzeru, Blantyre

Mwana wanga,

Pepani chifukwa cha alamu anu ndi mwanayo. Za chibwenzizo tiziike pambali: wachibwenzi sadikira mitambo kuti asowe tulo. Mukuwerenga nokha m'kalata yanuyi kuti chimene chimawadzutsa ndi phokoso la mvula.

Sindingawayeze kudzera m'kalata, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto limene achipatala amalitcha PTSD. Munthu akaona zoopsa zopitirira muyeso, nthawi zina ubongo umalephera kuziika m'gulu la zinthu zakale. Fungo la dothi lonyowa kapena kulira kwa malata kumawabwezera pakati pa matope paja, mtima kugunda ngati zikuchitika lero. Ambiri mantha otere amazilala okha pakatha masabata angapo. Akapitirira mwezi n'kuyamba kusokoneza ntchito ndi banja, amakhala matenda ofunika chithandizo. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndiye m'maboma a kummwera muli nyumba zambiri zimene wina amagona khutu lili kudenga.

Kachasuyo akumwa kuti mutu ukhale chete. Amagonetsadi msanga, koma tulo take n'toduka, ndipo m'mawa mantha amabwera ataonjezera. Za kuchipindanso musadziimbe mlandu. Thupi limene likudikira ngozi usiku wonse silikumbuka zimenezo.

Chithandizo chachikulu cha vutoli n'kukambirana ndi mlangizi wophunzira bwino za maganizo, osati kucheza wamba kongouzana kuti "limbani mtima". Njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri imatchedwa CBT yolunjika pa zoopsa zimene munthu anaona. Kawirikawiri amakumana kamodzi pa sabata, maulendo 8 mpaka 12, mwina kuposerapo. Amayamba n'kumuphunzitsa kukhazika mtima pansi mantha akamukwera. Kenako pang'onopang'ono amafotokoza za tsikulo, mobwereza, mpaka nkhaniyo itasiya kumugwira pakhosi. Amafufuzanso maganizo amene akumudya m'kati. Ndikuganiza kuti amuna anu ali ndi maganizo otere: "ndikanafika msanga," kapena "bwanji ndinatsala ine?" Munthu amene anagwira khasu lija sangalephere kudzifunsa zimenezi. Ilipo njira ina yotchedwa EMDR, imene munthu amakumbukira zoopsazo uku akutsatira ndi maso chala cha mlangizi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limavomereza njira ziwiri zonsezi, ngakhale odziwa yachiwiriyi ndi ochepa kwathu kuno. Masabata oyamba zimawawa, ena amafuna kusiya. Mudziwiretu zimenezo kuti musadzaganize kuti alangizi akuwaonjezera matenda.

Poyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi: mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Blantyre gawo limeneli lilipo pa chipatala cha Queen Elizabeth. Kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Adokotala akhoza kuonjezera mankhwala ngati aona kuti n'koyenera. Koma mapiritsi ogonetsa ngati diazepam, ogula mwamseri, musawabweretse m'nyumba. Sachiza vutoli, amazolowereka, ndipo akakumana ndi kachasu akhoza kupha.

Povuta ndi pakuti apite bwanji. Amuna athu anakula akumva kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo akangomva "Zomba" amati mwawayesa amisala. Musayambe nkhaniyi ataledzera kapena mvula ili mkati. Sankhani tsiku la dzuwa, ana kulibe. Yambirani pa tulo, poti zimenezo sangakane: "Bambo, simukugona, tiyeni tikaonane ndi adokotala, ndikuperekezani." Musawakakamize kukufotokozerani zimene anaona m'matopemo. Akayamba okha, mvetserani, musawadule ndi mawu akuti "iwalani".

Ankhoswe aja muwaitanenso, koma ulendo uno asabwere kudzaweruza mlandu, poti palibe wolakwa. Apezeke malume kapena mnzawo amene amamumvera, awaperekeze. Apongozi anunso musakangane nawo. Mayi ameneyo anaika mwana ndi mdzukulu nthawi imodzi, ndipo akuona mwana winayu akumuchoka m'manja ali moyo. Mapemphero apitirire, kuchipatala nakonso apite.

Tsono funso lanu. Sindikuuzani kuti mupirire chilichonse. Akadzakwezera dzanja inu kapena ana, tengani anawo mukakhale kwa abale, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Matenda sapereka chilolezo chomenya munthu. Akayamba kunena zoti kuli bwino kufa, kapena kugawa katundu wawo, musawasiye okha, mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati sizinafike pamenepo, musamange katundu musanayese chithandizo.

M'kalata yonse simunanene kuti inuyo mumagona bwanji mvula ikamagwa, chonsecho munali m'nyumba yomweyo tsiku limenelo, ndi ana atatu. Mukakafika kwa namwino uja, mukalembetse mayina awiri.

Azakhali