Ndikamawotcherera, wailesi ya neba imasokonekera: ndichite bwanji?

FUNSO: Ndimawotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yanga. Posachedwa ndinagula makina a inverter, owotcherera ndi ndodo komanso TIG (njira yowotcherera ndi gasi ndi kansonga kosasungunuka kotchedwa tungsten). Chiyambireni kuwagwiritsa ntchito, neba wanga akudandaula kuti wailesi yawo imangolira phokoso ndikangogunditsa ndodo pachitsulo, ndipo kompyuta ya mwana wanga imauma ndikayamba TIG. Kodi anandigulitsa makina owonongeka? — Mmisiri wa zitsulo

YANKHO: Bambo, musathamangire kubweza makinawo. Ine ndikamva dandaulo lotere ndimayamba ndayang'ana nthambo ziwiri zija, ya chogwirira ndodo ndi ya kilampu yomwe ambiri timangoitchula kuti ethi. Kawirikawiri mlandu umakhala pamenepo.

Powotcherera, m'nthambozi mumadutsa magetsi ochuluka, ma ampu 100 kapena kuposa, ndipo sadutsa mwabata. Moto wa kunsonga kwa ndodo umayaka modukizadukiza, pomwe inverter imadula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande ambirimbiri pa sekondi imodzi. Magetsiwo amapita ndi nthambo imodzi n'kubwerera ndi inayo. Ndiye nthambozo zikatalikirana, ina kudzera uku ina uko, zimapanga bwalo, ndipo bwalolo limasanduka eriyo yomwaza phokoso lija. Zikagona pamodzi, mphamvu ya maginito ya ina imafafaniza ya inzake, poti magetsi ake akuyenda mosemphana.

Ndinaziona ndi maso m'shopu ina momwe sikelo ya manambala inkangosinthasintha yokha mnyamata akamawotcherera chapafupi. Nthambo ya chogwirira inali yaitali kwambiri, yotsalayo ataikulunga pamsomali kukhoma. Kilampu anaipanitsa kumwendo kwa tebulo, kutali ndi ntchito, pamalo a dzimbiri lokhalokha. Tinamasula nthambo ija, n'kuigoneka pansi limodzi ndi inzake, tikuzimanga ndi tepi mita iliyonse. Kenako tinapala chitsulo ndi galainda mpaka kuwala, n'kupana kilampu pafupi ndi powotcherera penipeni. Manambala aja anakhazikika, ndipo sitinagule kanthu kupatula tepiyo. Inunso yambirani pamenepo, ndipo ngati nthambo zanu n'zazitali kuposa ntchito, zifupikitseni.

Za kompyuta, ine ndikukayikira kamphezi koyatsira moto kotchedwa HF (high frequency). Makina ambiri a TIG amayatsa moto ndi kamphezi ka ma voti masauzande angapo kuti tungsten isakhudze chitsulo, ndipo kamphezi kameneka ndiko kamasautsa kwambiri zipangizo zamagetsi. Onani ngati makina anu ali ndi lift arc. Ngati ali nayo, muziyatsira pamenepo ntchito ikalola: mumakhudzitsa tungsten pang'ono n'kutukula, HF osagwira ntchito n'komwe. Nthambo za kompyuta ndi za intaneti zisayende motsatana ndi zowotcherera. Zikakakamizika kukumana, zidutsane mopingasa.

Phokosoli lili ndi njira ina yoyendera, ndiyo waya wa magetsi a m'nyumba. Kuti mudziwe njira yomwe likudzera kwa neba, apempheni azule wailesi kukhoma aike mabatire, inu muwotcherere. Phokoso likapitirira, likuyenda mumlengalenga, ndiye limbanani ndi nthambo komanso kutalikitsa malo ogwirira ntchito. Likatha, linkadzera m'mawaya, ndipo pamenepo mufunika katswiri wa zamagetsi akuikireni fyuluta ya EMI (yosefa phokoso la m'magetsi) polowera magetsi m'makina, akupatseni laini yanuyanu kuchokera pabokosi logawira magetsi, ayesenso ngati ethi ya nyumba ili bwino. Zivundikiro za makina zikhale zotseka, masikuluu onse omanga, chifukwa chitsulo chakunjacho n'chimene chimatsekera phokoso mkati.

Tsegulaninso buku la makinawo. Malinga ndi muyezo wapadziko lonse wa IEC 60974-10, makina owotcherera amagawidwa pawiri, Class A ndi Class B. A Class A sanapangidwire malo okhala anthu omwe amagawana magetsi ndi nyumba zina. Ngati anu ndi amenewo, neba wanu sakukunamizirani, ndipo udindo wochepetsa vutolo ndi wanu. Kugwirizana nawo za nthawi yowotcherera kumathandizanso.

Pali ziwiri zomwe ndikuchondererani. Musapane kilampu papaipi ya madzi kapena pachitsulo cha nyumba kuti magetsi adzipezere okha njira yobwerera. Akhoza kudzera m'waya wa ethi wa nyumba, womwe ndi wochepa, n'kuupsereza mkati mwa khoma inu osadziwa. Chachiwiri, funsani ngati pakhomo panu kapena pa neba pali munthu wokhala ndi pacemaker, kachipangizo koikidwa m'chifuwa kothandiza mtima kugunda. Ameneyo asayandikire powotcherera asanalankhule ndi dokotala wake. Inunso eni ake musamakoleke nthambo paphewa kapena kuizunguliza m'chiuno, ndipo zonse ziwiri zizikhala mbali imodzi ya thupi lanu, inu osaima pakati pake.