Kodi profile yokha ingakuuzeni gulu la munthu?

Achimwene, mwafunsa ngati zimene anthu amalemba pa profile (tsamba lofotokoza za iwo eni pa intaneti), monga sukulu, mpingo ndi dera, n'zokwanira kuti kompyuta ipeze magulu awo. Ine ndikuti ayi. Yambani ndi kuona kuti ndani amalumikizana ndi ndani, zapaprofile zibwere pambuyo.

Kompyuta imasaka anthu olumikizana kwambiri okhaokha, koma pang'ono chabe ndi akunja. Njira yotchuka ndi ya Louvain, imene Vincent Blondel ndi anzake anatulutsa ku Belgium mu 2008. Anaiyesa pa makasitomala 2.6 miliyoni a kampani ya mafoni, pongoona woimba ndi woimbiridwa. Pa magulu akuluakulu amene anatuluka, onse kupatula limodzi anali ndi anthu oposa 85 pa 100 alionse olankhula chinenero chimodzi, Chifalansa kapena Chidatchi. Kompyutayo sinauzidwe za chinenero, maimbidwe a foni ndi amene anaulula.

Komatu mbiri ya munthu si yotaya. Wayne Zachary anatsatira kalabu ya karate ya pa yunivesite ina ku America kuyambira 1970 mpaka 1972, n'kuika chidwi pa mamembala 34. Mphunzitsi ndi mkulu wa kalabu anakangana pa mtengo wa maphunziro, kalabu n'kugawanika pawiri. Poona amene ankacheza limodzi kunja kwa kalabu, Zachary analondola kumene aliyense anapita, kupatula mmodzi. Mmodziyo, kachezedwe kake kankaloza kwa mkulu wa kalabu, koma anatsala ndi mphunzitsi chifukwa kunali kutatsala masabata atatu kuti ayesedwe mayeso a lamba wakuda. Akanasamuka akanayambiranso pansi. Zoterezi simungazione pa mizere ya ubwenzi.

N'chifukwa chake pali njira zophatikiza zonse ziwiri, kulumikizana kwa anthu ndi mbiri yawo, monga CESNA ya Jaewon Yang, Julian McAuley ndi Jure Leskovec ya mu 2013. Imathandiza kwambiri pa munthu wa anzake ochepa, amene kulumikizana kwake sikunena zambiri. Imalolanso munthu kukhala m'magulu angapo nthawi imodzi, la kutchalitchi, la kuntchito, la mpira, pamene Louvain imamukankhira m'gulu limodzi basi.

Chenjerani ndi profile: wina analemba Mzimba pomwe anasamukira ku Johannesburg kalekale, wina sanalembe kanthu. Magulu a kompyuta akasiyana ndi zapaprofile, musathamangire kunena kuti yalakwitsa.

Ngati mukufuna kuyesa nokha, tsitsani Gephi, pulogalamu ya pakompyuta yojambula mmene anthu amalumikizirana, ndi yaulere ndipo Louvain ilimo kale. Pezani magulu kaye, kenako pakani mitundu motengera sukulu kapena dera, muone pamene zikugwirizana.